Pampu ikafa kudimba, akonze ndani?

Dziko lino lili ndi alimi ambiri. Lilinso ndi akatswiri a zaulimi a madigiri, amene koleji ya Bunda yakhala ikutulutsa kwa zaka zambiri. Amene tikuwasowa ndi anthu a pakati pa awiriwa: mmisiri woti pampu ya sola ikaleka kukoka madzi aitsegule n'kudziwa chavuta, wodziwa kuyeza mankhwala a mbozi asanawathire mu sipuleya, wotemera nkhuku chitopa chisanalowe m'mudzi, wokwatitsa mitengo ya mango, woyendetsa thirakitala amene amadziwanso kuchuna pulawo. Ndaphunzitsa zaulimi ku sekondale yoyendera kwa zaka zambiri, ndipo chipumireni pantchito ndikulima dimba m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe ku Dedza. Zimene ndinaona m'kalasi ndi zimene ndikuona kudimba zandifikitsa pa ganizo limodzi, loti maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno atembenuke, ayang'ane kumunda.

Tili ndi makoleji akuluakulu 7 a ntchito zamanja: Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia. Ndi makoleji abwino, ndipo ena mwa ana amene ndinawaphunzitsa anadzera kumeneko n'kukhala anthu odzidalira. Koma ntchito zimene makolejiwa anatchuka nazo ndi zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, zamapaipi, umakaniko wa galimoto ndi ntchito za muofesi. Mwana akamaliza amanyamula bokosi lake la zida n'kulowera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chifukwa n'kumene kukumangidwa nyumba ndipo n'kumene kuli galimoto zofuna kukonza. Mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ndinakondwera kuti luso lafika kumudzi. Linafikadi, koma ndandanda wa maphunziro ake kwakukulu ndi womwe uja wa m'tauni. Zaulimi zikupezekamo mwa apo ndi apo, zosafanana ndi dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi.

Ndikuuzeni zimene zinachitika ku kalabu yathu ya alimi. Bungwe lina lothandiza alimi linatipatsa pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa, mapanelo ake, thanki ndi mapaipi. Tsiku lopereka kunali magule ndi zolankhula. Amene anadzaimanga anatisonyeza poyatsira ndi pozimitsira, basi n'kukwera galimoto. Chilimwe choyamba inatitumikira bwino. Chilimwe chachiwiri, tomato ali pa maluwa, pampu ija inayamba kungolira osatulutsa madzi. Tinaizimitsa, tinaiyatsanso, koma ayi ndithu. Wina anati mapanelo atha mphamvu, wina anati alipo waichita chipongwe. Nambala ya foni imene anatisiyira inali ya munthu wa mumzinda, amene anati abwera tikamutumizira ya mafuta ndi ya malo ogona, ndalama yoposa imene inali m'thumba la kalabu. Amayi anabwerera ku ndowa, kutunga kumtsinje m'mawa ndi madzulo, koma munda umene unakulitsidwa podalira pampu sungathiriridwe ndi mikono. Maluwa a tomato anayamba kuyoyoka.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wina wokonza njinga zamoto za kabaza pamsika wathu, amene analekeza sukulu Fomu 2. Atafika anamvetsera kulira kwa pampu, kenako anatsikira kumtsinje n'kuzula paipi yokokera madzi. Kunsonga kwa paipiyo kumakhala valavu imene imalola madzi kukwera koma osabwerera. Mchenga unali utadya kamphira kake, ndiye madzi ankabwerera kumtsinje ndipo pampu inkangokoka mpweya. Anadula kamphira kena pa chubu chakale n'kukaika m'malo mwake, anadzaza paipi ndi madzi, anamanga kaneti pakamwa pake, n'kutiuza kuti paipiyo tiikoleke pamtengo isamagone pamchenga. Anapukutanso mapanelo, amene anali atakutidwa ndi fumbi la mu Seputembala. Madzi anatuluka. Akusamba m'manja anatembenukira kwa ine nati, "Aphunzitsi, mukanapitiriza kuiyatsa yopanda madzi chonchi ikanapsa. Izi si zovuta ayi, kungoti palibe anakuuzani."

Mnyamatayo sanaphunzirepo za mapampu, anangofanizira ndi zimene amadziwa za injini. Akanati apatsidwe miyezi ingapo ya maphunziro enieni a mapampu, mawaya a sola, kayalidwe ka mapaipi ndi kagawidwe ka madzi, akanatumikira makalabu angati m'mbali mwa Linthipe? Yendani m'madimba muone. Mupeza mathiredo pampu a m'zaka za m'ma 2000 atachita dzimbiri pakhonde, mainjini a dizilo atafundikidwa chiguduli, mapampu a sola atsopanotsopano atagona chifukwa cha kachitsulo kotsika mtengo kuposa nkhuku. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira makina, ndiye tivomere kuti makina amabwera ndi ntchito yowasamalira, ndipo ntchitoyo imafuna munthu wophunzitsidwa amene amagona m'mudzi momwemo.

Nkhani ya mankhwala ndiye imandisowetsa tulo. Chilowereni mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija m'minda yathu m'nyengo ya 2016/2017, kupopera kwasanduka ganyu wa anyamata. Mnyamata amabwereka sipuleya n'kumalipidwa pa sipuleya iliyonse imene wakhuthula. Ndawaona akuthira mankhwala mongoyerekeza ndi maso, nozo ikatsekeka n'kuiuzira ndi pakamwa. Alibe chophimba kumphuno, alibe magolovesi, sipuleya ikudontha kumsana, malaya ali noninoni. Amapopera dzuwa lili paliwombo, pamene mbozi yabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, ndipo mankhwala amangogwera pamasamba. Munthu wophunzitsidwa amayamba wayendera munda chimanga chikadali chaching'ono, kuyang'ana masamba okalikakalika ndi ndowe za mbozi zooneka ngati utuchi. Amadziwa kuti mbozi imafa msanga isanakule. Amapopera m'mamawa kapena madzulo atalozetsa nozo mu nsonga, amawerenga zolembedwa pabotolo, ndipo botolo likatha salisiya kuti ana aziseweretsa kapena amayi aikemo mchere. Zonsezi munthu angaphunzire m'masabata ochepa. Posaphunzitsa, tikulipira ndi mankhwala otayika, chimanga choonongeka ndi mapapo a ana athu.

Wina anena kuti imeneyi ndi ntchito ya alangizi. Alangizi ndimawalemekeza, ena ndi anzanga enieni. Koma mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri, kawirikawiri pa njinga yakapalasa, ndipo nyengo yokonzekera dzinja imamuthera polemba mayina a olandira zipangizo zotsika mtengo. Ngakhale akanakhala ochuluka, ntchito ya mlangizi ndi kulangiza. Sangakhale iye yemweyo wokonza pampu, wotemera nkhuku ndi wofesa nazale ya mudzi wonse. Alimi otsogolera nawo amagwira mongodzipereka, ndipo munthu wongodzipereka amaleka tsiku limene munda wake wamuitana. Mmisiri amene ndikunena ndi munthu amene luso lakelo ndiye limamudyetsa, kotero kuti pampu ya kalabu ikagona iyenso amataya ndalama.

Kale tinali ndi njira yake yophunzitsira anthu otere. Koleji ya Colby ku Chitedze inkaphunzitsa alangizi a m'midzi. Ku Thuchila m'boma la Mulanje, ku Chitala ku Salima ndi ku M'mbelwa ku Mzimba, alimi ankapita kukagonera konko, kuphunzira ndi manja kulima ndi ng'ombe, kukonza manyowa ndi kusamala ziweto. Mikolongwe inadziwika ndi za ziweto, Mwimba ku Kasungu ndi za fodya. Ngakhale a Payoniya, amene ambirife timawakumbukira ndi mantha chifukwa cha nkhanza zawo pa makadi a chipani, m'mabesi awo monga Nasawa ndi Amalika ankaphunzitsa achinyamata kulima ndi kuweta. Asilikali atawathetsa mu Disembala 1993 tinachita bwino kutaya nkhanzazo, ndipo sindikuzilakalaka ngakhale pang'ono. Koma m'malo mwa maphunziro a kumunda aja sitinaikemo kanthu. Natural Resources College, imene inkatulutsa alangizi a satifiketi, tsopano ndi nthambi ya yunivesite ya LUANAR. Zimenezi zakweza maphunziro, koma aliyense tsopano akuthamangira dipuloma ndi digiri, ndipo mwini digiri sakhala kumudzi kudikira kuti valavu ya kalabu iwonongeke.

Kusukulu nako zinthu sizili bwino. Zaulimi timaphunzitsa kuyambira ku pulayimale mpaka Fomu 4, koma kwakukulu ndi pabolodi. Mwana amaloweza kuti pa kabzalidwe ka Sasakawa mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando, ndipo pa hekitala pamakhala mbewu zoposa 53,000. Amakhoza mayeso bwinobwino asanagwirepo chingwe choyezera mizere. Choipitsitsa n'chakuti m'sukulu zambiri munda ndi malo a chibalo. Wochedwa amapatsidwa khasu, wolongolola m'kalasi amapatsidwa khasu. Kunyumba nako makolo amati, "Limbikira sukulu mwanawe, ungadzakhale wolima ngati ife." Mwana amakula akudziwa kuti kumunda kumapita wolakwa ndi wolephera. Sukulu iliyonse imene ili ndi malo ibwezeretse munda wophunzirira, wokhala ndi kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo ana aziona ndalama ya kabichi amene alima okha. Chilango afune china.

Pali onena kuti achinyamata a masiku ano safuna ulimi, ndiye ngakhale titsegule makalasi sadzabwera. Sindivomereza. Mu Novembala 2023 gulu loyamba la achinyamata oposa 200 linakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dziko limene linali pa nkhondo, ndipo ofuna kutsatira anali ambiri. Ankapita kukagwira ntchito ya kumunda yomweyo. Pitani pa Lizulu, pa Tsangano, pa Bembeke kapena pa Jenda tsiku la msika, muone amene akutsitsa madengu a tomato ndi matumba a mbatatesi. Ndi anyamata ndi atsikana, ndipo ambiri mwa katunduyo alima okha. Chimene achinyamata akuthawa ndi kulima kwa khasu chaka chonse n'kudzakolola matumba osafika Okutobala. Pomwe pali ndalama amabwera okha.

Funso lolemera ndi lakuti mmisiriyo adzamulipira ndani, poti alimi athu ndi osauka. Ndalisinkhasinkha kwambiri, ndipo yankho ndimalipeza m'mudzi momwemo. Alimi akulipira kale chigayo, ngolo, makina opunthira chimanga, ndi ganyu wopopera uja. Amalipira pamene phindu akuliona ndi maso. Tatengani nkhuku. Chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa makola, ndipo mayi amene ankadalira nkhuku kuti agule makope a ana kapena apite kuchipatala amatsala manja ali m'khosi. Katemera wa I-2 amapangidwa konkuno ku Lilongwe. Ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse, ndipo amapirira kutentha kotero kuti munthu akhoza kuyenda naye atakulunga kabotolo m'kansalu konyowa. Mayi amene anaonapo nkhuku za mnzake zitapulumuka pamene zake zinafa sadandaula kupereka kandalama kochepa pa nkhuku iliyonse. Mtsikana wophunzitsidwa bwino, wodziwa kusunga katemera, kulemba masiku ndi kuzindikira nkhuku yodwala kale, angazungulire midzi ingapo n'kupeza zosowa zake. Akawonjezerapo kuthena nkhumba, kupereka mankhwala a njoka zam'mimba kwa mbuzi ndi kumanga makola am'mwamba, imeneyo ndi ntchito ya chaka chonse.

Chimodzimodzi ndi mtedza. Alimi ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, osadziwa kuti akuitana chuku, chimene chimadwalitsa chiwindi ndipo chinathandizira kutitsekera misika ya ku Ulaya. Kopaletivu imene ili ndi munthu wodziwa kuumitsa, kuyeza chinyezi ndi kusankha mtedza m'magiredi imagulitsa pa mtengo wina, ndipo kusiyana kwa mtengoko n'kokwanira kumulipira.

Maphunziro amenewa sangaperekedwe momwe timaphunzitsira ukalipentala. Mpando ungakhomedwe mwezi uliwonse, koma anyezi ali ndi nthawi yake. Wophunzira ulimi wamthirira ayenera kutsatira mbewu kuchokera pa nazale mpaka pa sikelo ya wogula, aone yekha pamene ndalama imalowera ndi pamene imatayikira. Choncho kalasi yake ikhale pa sikimu. Tili ndi Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, tili ndi Likangala ku Zomba ndi Domasi ku Machinga, Hara ndi Wovwe ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Muona ku Nsanje. M'malo amenewa muli ngalande, zitseko za madzi, makina opunthira mpunga ndi alimi odziwa ntchito. Chosowa ndi mphunzitsi, kachipinda kosungira zida, ndi koleji yapafupi yoti iziyesa ophunzirawo n'kuwapatsa satifiketi yodziwika. Aphunzitsi ena atengedwe m'maesiteti ndi m'makopaletivu, anthu amene manja awo anazolowera girisi.

Khomo lolowera nalo likule. Tikamafuna satifiketi ya MSCE kwa aliyense, timatsekera kunja anthu omwewo amene adzakhale kumudzi moyo wawo wonse. Wolekeza Sitandade 8 amene amatha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera angathe kuphunzira kukwatitsa mitengo kapena kuchuna sipuleya, makamaka akaphunzitsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena. Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA lili kale ndi njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu anaphunzira payekha kunja kwa kalasi. Njirayi ifike kwa anthu a kumunda: bambo amene wayendetsa thirakitala pa esiteti zaka 20 wopanda pepala, mayi amene nazale yake ya mitengo ya zipatso imadziwika dera lonse. Akayesedwa n'kupatsidwa satifiketi, iwowo ndiye akhale oyamba kulandira achinyamata oti awaphunzitse.

Za amayi ndinene mosapita m'mbali. Ntchito yambiri ya kumunda amagwira ndi iwo, koma maphunziro a makina akabwera amaitanidwa abambo. Pa kalabu yathu amene amayatsa ndi kuzimitsa pampu tsiku ndi tsiku ndi amayi, ndipo amene anabwerera ku ndowa itafa ndi iwo omwe. Mayi wa ana sangasiye banja kwa zaka ziwiri kukakhala kukoleji yogonera, koma angabwere masiku atatu pa sabata m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, malo ophunzirira akakhala oyenda pansi. Ndipo aliyense womaliza, mwamuna kapena mkazi, atuluke ndi zida zoyambira, kaya pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Satifiketi yopanda sipanala imathera m'sutikesi.

Ndalama zichokera kuti? Lamulo la 1999 limene linakhazikitsa TEVETA limati olemba anthu ntchito azipereka msonkho wa maphunziro a luso, umene pano ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Mwa opereka muli maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi makampani a fodya. N'koyenera kuti TEVETA iziuza Amalawi chaka ndi chaka kuti pa ndalama imeneyi ndi zingati zapita ku luso la kumunda, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo azifunsa. Kwina ndi ku ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo. M'chaka choyamba cha AIP, 2020/2021, boma linaika pafupifupi K160 biliyoni. Sindikuti feteleza wotsika mtengo athe, ndikudziwa mabanja amene popanda iye angagone ndi njala. Koma K1 pa K100 iliyonse ya ndalama imeneyo ikanakhala K1.6 biliyoni ya maphunziro. Feteleza wa Urea wothiridwa mochedwa, pamtunda, m'munda wa tchire, theka la ntchito yake limapita ndi mphepo ndi udzu. Kuphunzitsa anthu n'kuteteza ndalama ya feteleza yomweyo.

Kumene ndikuda nako nkhawa kwambiri ndi ku Chigwa cha Shire. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikukonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mbali ina ya ndalama zake ndi ngongole imene adzabweze ndi ana athu. Alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivu kuti adzalime mbewu zamalonda. Minda yotere idzafuna otsegula ndi kutseka madzi pa nthawi yake, okonza makina othirira, oyendetsa mathirakitala, osankha ndi kulongedza zokolola, osunga mabuku a ndalama. Anthu amenewa akapanda kuphunzitsidwa tsopano, adzachokera kwina, ndipo ana a eni nthaka adzakhala aganyu olandira pa tsiku m'minda ya makolo awo. Pafupi pomwepo pali Phata ndi Kasinthula, kumene alimi a nzimbe akhala akugwira kale ntchito ndi makina othirira, ndipo ophunzira angakayeserere kumeneko. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, TEVETA ndi unduna wa zaulimi akhale pansi, awerenge ntchito zimene kopaletivu iliyonse idzafune, afunse mafumu mayina a anyamata ndi atsikana a m'midzi imene ngalandeyo yadutsa, ndipo gulu loyamba liyambe kuphunzira chilimwe chikubwerachi.